Manja a Achemwali Anga

Kwathu kuno mawu oti kuwenga si achilendo. M'mudzi uliwonse simulephera kupezeka munthu amene sadya nyama ya mbuzi, wina mlamba, wina bowa kapena ngumbi, ndipo mukamufunsa chifukwa chake amangoti, "Zimandiwenga." Palibe amalimbana naye. Pa ukwati kapena pa sadaka amayi ophika amakhala akudziwa kale kuti amalume ake a uje awapatulire nyemba, nkhani n'kuthera pomwepo. Makolo athu sanaphunzire za mapuloteni kapena za chitetezo cha m'thupi, koma anazindikira kuti thupi lililonse lili ndi adani ake, amene thupi la mnzako limaseka nawo, ndiponso kuti mankhwala ake n'kumutalikitsa munthuyo ndi chinthu chomuwengacho.

Komatu nzeru imeneyi imagwira bwino m'mbale, poti ndiwo ukhoza kuzikankhira kumbali. Nanga chikakhala chovala chimene ntchito yako ikukulamula kuvala kambirimbiri pa tsiku, chimene ukati uchisiye ndiye kuti waika moyo wako pachiswe? Ndikunena magolovesi a mpira amene anamwino, azamba, madokotala, a kulabu ndi okonza m'zipatala amavala. Ambiri a ife timawaona titagona pabedi la chipatala, ndipo tikawaona mtima umakhala pansi poganiza kuti pali ukhondo. Za dzanja limene lili m'kati mwake sitifunsa. Ine ndinafunsa chifukwa dzanjalo linali la achemwali anga.

Achemwali, amene ndi achisamba kwathu, anayamba unamwino ndi uzamba m'chaka cha 2000 pa chipatala china chaching'ono m'boma lathu lino la Chiradzulu. Ine nthawi imeneyo ndinali kusekondale, ndipo fizi yanga, sopo ndi shuga zinkachokera m'manja mwawo. Amene analipo zaka zimenezo akukumbukira mmene zinthu zinalili. Edzi inali itafika pamponda chimera, adzukulu osapuma. Bungwe la Médecins Sans Frontières, limene linafika m'boma lino mu 1997, linayamba kupereka ma ARV mu 2001, zaka zitatu boma lisanayambe kuwagawa ulere m'dziko lonse mu 2004, ndipo anthu ankachokera kutali kudzafuna moyo ku Chiradzulu. Kuyeza magazi kunachuluka, odwala anadzaza mpaka pansi. Namwino aliyense anauzidwa, ndipo anauzidwa zoona, kuti magazi a munthu aliyense aziwatenga ngati ali ndi kachilombo. Mzamba wochiritsa amayi anayi kapena asanu usiku umodzi, kusoka ong'ambika, kuika madiripi ndi kutsuka ziwiya, ankavala ndi kuvula magolovesi mpaka kuiwala kuwerenga.

Patapita zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, manja a achemwali anayamba kusintha. Poyamba kunali kuyabwa chabe akavula magolovesi, ngati akhudza chitedze. Kenako kuseri kwa manja kunayamba kufiira ndi kutuluka timatuza ta madzi, khungu n'kumauma, n'kumang'ambika m'mfundo za zala. Chodabwitsa chinali chakuti matendawa ankadziwa malire ake. Ankathera pamkono penipeni pamene golovesi limathera, ngati wina wachita kulembapo mzere. M'miyezi ya chiperoni, Juni ndi Julayi, pamene phiri la Chiradzulu limabisala m'nkhungu masiku angapo, ming'alu ija inkatuluka magazi. Kuchapa kunawakanika, kusenda chinangwa kunawakanika, ngakhale kutema mbamu ya nsima yotentha ankachita kuyamba aisiya izizire ngati mwana.

Matenda a pakhungu ali ndi madokotala ambiri m'mudzi. Ena anati ndi mphere, ena zipere. Amayi athu anagamula kuti ndi kaduka, wina wa kuntchito anapaka kanthu pachitseko. Koma panali ena amene sankalankhula pamaso, ndipo m'zaka zimenezo chidzolo chilichonse chinali ndi tanthauzo limodzi lokha. Ankangonong'onezana kuti, "Akumana nazo kuwodi komweko." Achemwali ankayezetsa pafupipafupi ndipo ankadziwa kuti alibe kachilombo, koma munthu sungayende ndi kapepala pamphumi. Chimene chinawapweteka kwambiri, monga anandiuzira pambuyo pake, ndi mayi wina wapakati amene ataona manja awo asanavale magolovesi anadzikokera kukhoma n'kufunsa ngati panalibe namwino wina. Usiku umenewo panalibe wina.

Mantha enieni anali pena. Khungu lathunthu ndi mpanda, koma khungu long'ambika ndi khomo lotsekula, lolowera kachilombo ka HIV ndi ka matenda a chiwindi a hepatitis B golovesi likangobooka. Podziwa zimenezi, achemwali anayamba kuvala magolovesi awiriawiri, ndi kuwavala ngakhale pa ntchito zing'onozing'ono. Asanavale ankadzola mafuta a jele kuti ming'alu ifewe, pamene mafuta oterewa amafooketsa mpira ndipo amathandiza zoyabwitsa zija kulowa pakhungu. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chishango chimene ankathawirako ndi chimene chinkawadya.

Chinsinsi chinaululikira pa ukwati, mu 2009. Msuweni wathu wina ankakwatira, ndipo madzulo a Lachisanu amayi ndi atsikana anasonkhana m'holo kukongoletsa. Achemwali, poti ndi munthu wosakhala pansi anzake akugwira ntchito, anatenga mabaluni n'kuyamba kuuzira ndi pakamwa. Sanafike pa baluni lachinayi. Milomo inatupa ngati alumidwa ndi mavu, maso n'kufiira psuu, zidzolo zikuluzikulu n'kubuka pakhosi ndi pachifuwa. Atati alankhule mawu anatuluka osasa, ndipo kupuma kwawo kunkamveka ngati m'chifuwa muli kamwana ka mphaka.

"Achimwene, pezani galimoto msanga," anandiuza atagwira pakhosi. "Izi si zodikira."

Lole imene inabweretsa mipando ndi imene inawathamangitsira kuchipatala, kumene anzawo anawabaya jakisoni wa adirenalini, ndipo patapita kanthawi mpweya unayamba kuyenda. Mmene ukwati unkachitika mawa lake, theka la anthu linali litagwirizana kale kuti wina anathira kanthu mu thobwa.

Dokotala wa khungu amene anawaona mu Blantyre patapita masabata angapo sanathamangire kulemba mankhwala. Ine ndinawaperekeza ndipo ndinamva mafunso ake onse.

"Mayi, mukakhala patchuthi manjawa amatani?"

"Amapola, adokotala. Pofika sabata yachitatu amakhala ngati a munthu."

"Nanga mukabwerera kuntchito?"

"Sabata siitha."

"Kuwodi mumayetsemula? Maso amayabwa?"

"Tsiku lililonse m'mawa. Ndimati ndi fumbi."

"Mapeyala mumadya?"

Apa achemwali anaseka, n'kunena kuti anawasiya kalekale chifukwa ankawayabwa kukhosi, ngakhale kuseri kwa nyumba ya amayi kuli mitengo iwiri imene chaka chilichonse imathyoka nthambi ndi zipatso. Dokotala uja anaika cholembera pansi. Anati zilipo njira zoyezera, ya pakhungu ndi ya magazi, koma nkhani ya baluni, ya tchuthi ndi ya peyala inali itanena kale zambiri. Chimene chinkawawenga ndi mpira wachilengedwe, umene pa makatoni a magolovesi umalembedwa kuti latex.

Zimene anafotokoza tsiku limenelo, ndi zimene ndakhala ndikuwerenga kuyambira pamenepo, n'zakuti golovesi likhoza kuvulaza dzanja m'njira zitatu zimene anthu amazisokoneza. Yofala kwambiri si kuwenga n'komwe, koma kupsa kwa khungu chifukwa cha thukuta lotsekeredwa, sopo waukali, kusamba m'manja kosalekeza ndi kusapukuta bwino. Yachiwiri ndi kuwengedwa ndi mankhwala amene fakitale imathira mu mpira kuti ulimbe msanga. Iyi imachedwa kuonekera, imadikira tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ndi imene imalemba mzere uja pamkono. Yachitatu ndiyo yoopsa. Asilikali a m'thupi amayamba kuona mapuloteni a mu utomoni wa mtengo wa mpira ngati mdani, ndipo akangowakhudza amachita nkhondo m'mphindi zochepa: zidzolo, chimfine, maso oyabwa, mphumu, mwinanso kutsekeka kwa kukhosi ndi kutsika kwa magazi kumene kukhoza kupha munthu. Achemwali anayambira pa ziwiri zoyambazo, ndipo khungu long'ambika lija ndi limene linatsekulira njira yachitatu. Thupi likaphunzira udani umenewu siliiwala. Mankhwala amangoziziritsa, ochiritsa kotheratu palibe. Chotsala ndi nzeru ya makolo ija, kumutalikitsa munthu ndi chomuwengacho.

Mtengo wake si wachilendo kwa ife. Amene anayendapo pamsewu wa ku Nkhata Bay anadutsa m'nkhalango ya Vizara, kumene mitengo imachekedwa makungwa m'mamawa, utomoni woyera ngati mkaka n'kumadonthera m'timakapu, ndipo anyamata amagulitsa mipira yodumpha m'mbali mwa msewu. Kwawo kwenikweni kwa mtengowu ndi ku Brazil. Mu 1876 Mngelezi wina, Henry Wickham, anatengako mbewu pafupifupi 70,000 kupita nazo ku London, ndipo kuchokera kumeneko mbande zinapita ku Asia. N'chifukwa chake magolovesi ambiri a padziko lapansi amachokera ku mayiko monga Malaysia ndi Thailand. Chimene chinandichititsa chidwi n'chakuti mtengo wa mpira ndi wa banja limodzi ndi chinangwa, nsatsi ndi nkhadze, nkhadze yomweyi imene amayi ankatikalipira kuti mkaka wake tisaufikitse m'maso. Za peyala lija, nkhani yake ndi yakuti mapuloteni ena a m'mapeyala, nthochi ndi mapapaya amafanana ndi a mu mpira, ndiye asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kumenya wolakwika. Madokotala a ku Brazil analembapo za odwala ena amene zinawachitikira ndi chinangwa chimene. Si onse owengedwa ndi mpira amene zipatsozi zimawavuta, ndipo palibe chifukwa chosiyira chakudya chimene sichinakuputepo. Achemwali nthochi amadya bwinobwino.

Koma mdani wamkulu m'nkhani yonseyi ndi ufa. Aliyense amene anaonapo namwino akuvula magolovesi akale aja akukumbukira manja otuwa mbuu ndi kautsi koyera kouluka golovesi likamalira kuti phwa. Ufa umenewo amauthira kuti golovesi lisamatirire ndiponso kuti dzanja lilowe mosavuta. Ndipo ndi ufa wanji? Ndi sitachi ya chimanga. Ndinaseka nditamva, kuti chimanga chimene timachilirira chaka ndi chaka chili ndi mbali pamlanduwu. Pachokha sichiwenga kawirikawiri, koma chimagwira ntchito ya mtengatenga. Mapuloteni a mpira amakakamira ku ufawo, ufawo n'kuuluka m'chipinda, n'kutera pamayunifolomu, pamakatani ndi pamafayilo, n'kulowa m'mphuno ndi m'mapapo mwa aliyense amene ali m'menemo. Apa m'pamene pali povuta. Munthu wowengedwa ndi mbuzi amapulumuka akapatsidwa mbale yake ya nyemba. Namwino wowengedwa ndi mpira sapulumuka ndi katoni yakeyake ya magolovesi abwino ngati anzake asanu m'wodi momwemo akupitiriza kukung'untha ufa. Amakhala akupuma magolovesi a anzake.

Mbiri ya golovesi ili ndi kachipongwe kake. Chakumapeto kwa 1889, pa chipatala cha Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America, panali namwino wa kufiyeta dzina lake Caroline Hampton amene manja ake anapsa ndi mankhwala aukali ophera tizilombo amene ankasambira m'manja nthawi imeneyo. Dokotala wa maopaleshoni, William Halsted, posafuna kutaya namwino waluso, anapempha kampani ya Goodyear kuti imupangire magolovesi opyapyala a mpira. Manja anapola, ndipo mu 1890 awiriwa anakwatirana. Zoti magolovesi amatetezanso wodwala ku tizilombo zinatsimikizika pambuyo pake. Ndiye kuti golovesi la kuchipatala linabadwa chifukwa bwana wina anayang'ana manja a namwino wake n'kufunsa kuti chikuchitika n'chiyani.

Vuto la kuwenga linakula ndi Edzi. Mu 1987 akuluakulu a zaumoyo ku America analangiza kuti aliyense wokhudza magazi ndi madzi a m'thupi azivala magolovesi, ndipo dziko lonse linatsatira. Mafakitale anathamanga kuti akwaniritse msika, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti pothamangapo ena sankatsuka mokwanira mpira kuti mapuloteni achoke. Pofika mu 1997, bungwe la boma la America loona za chitetezo cha anthu pantchito, la NIOSH, linatulutsa chenjezo lonena kuti pa ogwira ntchito zachipatala 100 aliwonse okhudza mpira kawirikawiri, pakati pa 8 ndi 12 matupi awo anali atayamba kudana nawo. Dziko la Germany linachitapo kanthu mu 1998 poletsa magolovesi a latex okhala ndi ufa m'zipatala zake. Silinaletse mpira wonse, linangochotsa ufa ndi kufuna mpira wotsukidwa bwino, ndipo m'zaka zochepa chiwerengero cha odwala atsopano chinatsika kwambiri. America inazengereza, koma kuyambira mu Januwale 2017 magolovesi a ufa ndi oletsedwa m'zipatala za kumeneko, chifukwa china n'chakuti ufawo ukagwera m'bala la opaleshoni umayambitsa kutupa ndi kumatana kwa minofu. Ndipo pasakhale wonena kuti awa ndi matenda a khungu la Azungu. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2001 pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town anapeza vuto lomweli pakati pa ogwira ntchito a kumeneko, konkuno ku Africa.

Ine si wa zachipatala. Ndimagwira ntchito m'boma, ndipo mbali ina ya ntchito yanga n'kukhala patebulo pamene pamatsekulidwa makoteshoni a ogulitsa katundu. Kumeneko ndinaphunzira chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa. Anthu amati boma limagula zotchipa, ndipo amanena izi ngati kuti lamulo ndilo limakakamiza kugula zonyozeka. Si choncho. Mfundo yake ndi yakuti uyambe walemba tsatanetsatane wa chimene ukufuna, kenako pakati pa amene akwaniritsa zimene walembazo usankhe wotchipa. Mphamvu yonse ili m'kalembedwe. Ukangolemba kuti magolovesi, saizi yapakati, makatoni akutiakuti, ndiye kuti wauza wogulitsa kuti abweretse chilichonse chokhala ndi zala zisanu, ndipo iye, poti ndi wamalonda, abweretsa chimene mayiko ena anachikana. Ukawonjezera mawu awiri okha, kuti opanda ufa, onse obweretsa za ufa amagwa pa sefa yoyamba, ndipo mpikisano wa mtengo umatsala pakati pa abwino okhaokha. Katundu wa m'zipatala za boma amayenda ulendo wautali, kuchokera pa fomu ya kuwodi, kudzera ku famase ndi ku ofesi ya zaumoyo ya boma, mpaka ku Central Medical Stores Trust, ndipo wina amabwera ngati mphatso kuchokera ku mabungwe. Pamalo paliponse pa ulendowu pali munthu wogwira cholembera amene sanavalepo golovesi maola khumi ndi awiri. Thanzi la manja a namwino wa ku Namitambo kapena ku Milepa limagamulidwa ndi anthu ngati ine, amene chimatiyabwa kwambiri pantchito ndi kuchedwa kwa tiyi.

Ndikudziwa chimene wina anene. Anena kuti, "Bwana, mukukamba za mtundu wa ndiwo pamene m'nyumba mulibe ufa wa nsima." Ali ndi mfundo. Magolovesi amatha m'zipatala zathu, ndipo mzamba amene wayang'anizana ndi mayi wotaya magazi pakati pa usiku safunsa zolembedwa pakatoni, amavala chimene chilipo. Mu Epulo 2020, matenda a Covid-19 atangolowa m'dziko muno, ogwira ntchito zachipatala ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 anabwera n'kudzameza katundu yense amene analipo. Golovesi la ufa ndi labwino kuposa dzanja lamaliseche m'magazi, ndipo achemwali enieniwo angakuuzeni zimenezi.

Komabe kusowa kwa ndalama sikuyankha zonse. Choyamba, chimene chikufunika kwa onse si golovesi lodula kwambiri. Chimene Germany inaonetsa n'chakuti latex wopanda ufa, wotsukidwa bwino, ndi wokwanira kuteteza amene sanayambe kuwengedwa. Amene anayamba kale, amene ndi ochepa, ndiwo ofunika magolovesi opanda mpira wachilengedwe, monga a nitrile, opangidwa kuchokera ku mafuta a pansi panthaka. Aliponso a vinyl, otchipa koma osalimba, oyenera ntchito zazifupi zopanda magazi. Chachiwiri, magolovesi ambiri timangowataya. Malangizo a World Health Organization a mu 2009 amanena momveka kuti poyeza kuthamanga kwa magazi, poyeza kutentha kwa thupi, popereka mapiritsi, ngakhale pobaya jakisoni wa pamnofu, magolovesi safunika pokhapokha pakhale magazi kapena chilonda. Chofunika n'kusamba m'manja. Koma pitani pachipatala chilichonse, mukaona wina atavala golovesi limodzimodzilo kuyambira m'mawa, akugwira wodwala, cholembera, foni ndi chitseko. Golovesi lotere silikuteteza aliyense, likungosamutsa tizilombo uku likuphika dzanja la mwiniwake m'thukuta. Ife odwala tili ndi mbali yathu, poti timakwiya namwino akatigwira ndi manja osavala, ngati kuti watinyoza. Ndalama ya magolovesi otayidwa chonchi ikanakwanira kusiyana kwa mtengo kumene tikudandaulako.

Palinso masamu ena amene sitiwachita. Namwino mmodzi amatenga zaka zitatu kapena zinayi kuti aphunzire, kaya ku Nguludi konkuno kaya kwina, ndipo luso la mzamba limapsa ndi zaka. Akachoka kuwodi ya amayi chifukwa cha chifuwa chobanika, palibe amalemba m'buku kuti wachotsedwa ndi golovesi. Amangoti anapempha kusintha malo, kapena anapita ku bungwe. Lamulo la dziko lino la mu 1997 loona za chitetezo, thanzi ndi umoyo wa anthu pantchito linaika pa olemba ntchito udindo wopereka zodzitetezera zoyenera. Mawu oti zoyenera ndi amene ine ndimawadinda. Chovala chimene chikutupitsa kukhosi kwa wochivala sichingakhale choyenera kwa iyeyo, ngakhale chili choyenera kwa anzake makumi asanu.

Achemwali sanasiye ntchito, ngakhale panali chaka chimene kalata yosiyira inagona m'chikwama mwawo miyezi itatu. Kwa nthawi yaitali ankagula okha magolovesi a nitrile m'mafamase a mu Limbe, ndipo ine ndinkathandizako mwezi ukakhala wabwino, kubweza pang'ono za sopo ndi shuga zija. Chimene chinawapulumutsa kwenikweni ndi anzawo a pashifiti, amene atamva nkhani ya ufa anagwirizana kuti katoni ya ufa ikabwera azikaisinthanitsa ndi a mbali ina, ndipo akakakamizika kuvala azivula pang'onopang'ono, motembenuza, osakung'untha. Mutu umodzi susenza denga. Kuyambira nthawi ya Covid-19 magolovesi a buluu anayamba kuoneka kawirikawiri, koma achemwali sakhulupirira mtundu, poti latex naye amapakidwa utoto. Amatembenuza katoni n'kuwerenga. Amafuna mawu akuti powder free ndi akuti latex free, ndipo amachenjeza ana asukulu obwera kudzaphunzira ntchito kuti mawu awiriwa si amodzi: golovesi likhoza kukhala lopanda ufa koma lili la latex. Ngakhale nitrile amene, ena amakhala ndi mankhwala olimbitsa aja, moti dzanja likapitiriza kutuluka matuza ndi bwino kuyesa a kampani ina. Akavula amasamba, n'kupukuta mpaka pakati pa zala, ndipo mafuta amadzola akaweruka.

Patsamba loyamba la buku lawo la kuchipatala analembapo ndi inki yofiira kuti mpira umawawenga, chifukwa namwino naye tsiku lina amagona pabedi. Mpira suli m'magolovesi mokha. Uli m'timapaipi tina totulutsira mkodzo, m'malamba ena omangira mkono potenga magazi, ndi m'zipangizo zina za dokotala wa mano. Wodwala wowengedwa akalowa m'fiyeta osanena, golovesi la dokotala limakhudza m'kati mwenimweni mwa thupi, iye ali mtulo, wosatha kunena kuti kukhosi kwatseka. Ndisanaiwale, poti alipo abambo ena amene angatole nkhani ino n'kuisandutsa pothawira: inde, makondomu ambiri a abambo ndi a latex, koma owengedwa nawo ndi ochepa, ndipo kondomu ya amayi ya FC2 ndi ya nitrile. Amene akuti imamuyabwa apite akaonane ndi a chipatala, asakanene kuti anawerenga m'buku.

Mu 2024 kuwodi kwa achemwali kunabwera mtsikana wongomaliza kumene maphunziro, wochangamuka, wokondedwa ndi amayi oyembekezera. Patangotha miyezi ingapo achemwali anaona kuti m'mawa uliwonse, katoni ya magolovesi ikangotsekulidwa, mtsikanayo amayetsemula kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, maso ali misozi, ndipo akamalemba lipoti amadzikanda kuseri kwa dzanja ndi chivindikiro cha bolopeni. Anamuitanira pambali.

"Mwanawe, ukakhala pa ofu chimfinechi chimakhalapo?"

"Ayi, asisitala. Chimangondipeza kuno. Mwina ndi mphepo ya m'phirimu."

"Tandionetsa manja."

Mzere uja unali utayamba kale kuoneka pamkono, wofiirira pang'ono. Achemwali anatulutsa magolovesi a m'chikwama mwawo n'kumugawira, n'kumuuza kuti akaonane ndi dokotala sabata yomweyo, ndipo asayerekeze kuuzira baluni pa ukwati wa aliyense. Kenako anapita kwa mkulu wa wodi, amene anali akudzaza fomu yoitanitsira katundu wa mwezi umenewo. Pamzere wa magolovesi, pamene zaka zonsezi pankangolembedwa nambala ya makatoni, anawonjezerapo ndi bolopeni kuti onse akhale opanda ufa, ndipo awiri akhale a nitrile, ina saizi yapakati, ina yaing'ono, poti mtsikanayo ndi wa timanja tating'ono.